Bondo la mnzathu lasiya kupweteka, kodi asewere Loweruka?

Funso: "Zikomo amayi. Ndine kaputeni wa timu ya atsikana ya mpira wamiyendo. Masabata atatu apitawo mnzathu amene amatichinyira zigoli zambiri anagwa yekha pofuna kuzemba wotchinga kumbuyo. Palibe anamugunda. Akuti anamva kuti thu m'bondo, ndipo pofika madzulo bondo linali litatupa kwambiri. Kuchipatala anamujambula X-ray n'kumuuza kuti fupa lili bwino, wangobinya. Pano kutupa kwachepa ndipo akuyenda bwinobwino, kungoti akamatsika masitepe nthawi zina bondo limagwedera. Loweruka tili ndi masewero ofunika ndipo akochi akufuna amange bandeji asewere. Chinanso, m'timu mwalowa manong'onong'o akuti mtsikana amene watenga malo ake ndiye anamupitira kwa sing'anga, moti ena sakulankhulana. Ali ndi zaka 19 ndipo amafunitsitsa kudzasewera kunja ngati a Chawinga. Tichite chiyani?"

Mng'ono wanga, mwachita bwino kulemba Loweruka lisanafike. Ikani mtima pansi, mpira wa mnzanuyo sunathere apa. Ndagwira mawondo ambiri a atsikana pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira ntchito ya physiotherapy (yothandiza ovulala ndi mafizo) m'mbali mwa bwalo, ndipo ambiri mwa amene anadekha anabwereranso. Koma yankho la funso lanu loyamba ndiliperekeretu mosapsatira: Loweruka asasewere, bandeji kapena popanda bandeji, ngakhale mphindi khumi zomaliza.

Sindinaligwire bondolo, ndiye sindingagamule ndili kuno. Komabe zimene mwafotokoza zikuloza kumodzi. Wagwa yekha potembenuka mwadzidzidzi, wamva phokoso m'bondo, bondo latupa tsiku lomwelo, ndipo tsopano likugwedera. Zinayi zimenezi zikabwera pamodzi, wachipatala aliyense wozolowera osewera amayamba waganizira mtsempha wa m'kati mwa bondo umene timautchula kuti ACL. Ndi mtsempha waufupi, wolimba, wolumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, ndipo ntchito yake ndi kuletsa fupa la m'munsilo kuseleleka kutsogolo kapena kupotoka munthu akamakhota ali pa liwiro. Kutupa kofulumirako ndi magazi odzaza m'bondo mtsempha utang'ambika. Kubinya wamba kumatupa pang'onopang'ono, kawirikawiri m'mawa mwake.

Nanga X-ray ija? Sananame, fupa likhoza kukhaladi labwinobwino. Koma X-ray imaonetsa mafupa basi, mitsempha siioneka. Atsikana ambiri amabwerera kunyumba ndi mawu akuti "palibe chathyoka" n'kumaganiza kuti ndiye kuti palibe chaonongeka. Abwerere kuchipatala, akapemphe kuonana ndi a za mafupa, ndipo akafotokoze zinthu zinayi zija mwandondomeko, makamaka za kugwederako. Pali kapimidwe ka pamanja: wodwala amagona chagada, bondo lopinda pang'ono, wopima n'kugwira ntchafu ndi dzanja limodzi, linalo n'kukokera msongolo kutsogolo. Mtsempha ukakhala wamoyo, dzanja limamva fupa likuima mwadzidzidzi, ngati chingwe cha mbuzi chafika pothera. Ukakhala woduka fupa limangobwera, osapeza poima. Wozolowera amadziwa zambiri ndi manja okha, kenako MRI, makina ojambula amene amaonetsa ndi mitsempha yomwe, ndiyo imatsimikiza, n'kuonetsanso ngati pali china chaonongeka. M'zipatala za m'maboma muli ma clinical officer a za mafupa amene angamupime n'kumutumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Mzuzu Central.

Sabata yachitatu imene mulimoyi ndiyo yonyenga kwambiri. Magazi aja amakhala ataphwa, ululu watha, munthu akuyenda, mwinanso kuthamanga molunjika osamva kanthu. Aliyense womuona amati wachira. Koma mpira sasewera molunjika. Akangoponda n'kukhota, bondo lopanda mtsempha uja limasuntha, ndipo nthawi iliyonse likasuntha limatafuna meniscus, kamnofu kolimba kamene kamakhala pakati pa mafupa awiriwo kuti asakhulane. ACL madokotala amatha kuikamo wina. Meniscus ikanyenyeka, kawirikawiri amangodula chidutswa chowonongekacho n'kutaya, ndipo bondo limeneli likhoza kudzayamba nyamakazi mwini wake asanafike zaka 40. Bandeji imafinya khungu ndi kulimbitsa mtima, koma singagwire fupa limene likupotoka ndi thupi lonse pamwamba pake. Mapilisi opha ululu, kapena jakisoni wa pabondo masewero asanayambe, ndiye oopsa koposa, chifukwa amazimitsa chenjezo lokhalo limene thupi latsala nalo.

Akochi musakawayankhe pagulu. Apezeni paokha, muwauze mwaulemu kuti mwafunsa kwa achipatala ndipo akuti mtsikanayu apimidwe kaye. Makochi ambiri sachita izi chifukwa cha nkhanza. Nawonso akupanikizidwa ndi eni timu, ndipo maso awo akuona mtsikana akuyenda bwinobwino. Koma akamuika Loweruka n'kugwanso, sadzakhala naye chaka chino, mwinanso chaka chamawa. Mtsikanayo yekha sangakane, poopa kutaya malo ake. Mawu amenewa ndi a inu kaputeni.

Tsopano za kwa sing'anga. Ndikudziwa pamene maganizo amenewa achokera: munthu wagwa popanda womukhudza, ndiye anthu akufuna chifukwa. Koma mtsempha umenewu umaduka choncho kumene. Mwa anthu khumi oduka ACL, pafupifupi asanu ndi awiri amakhala kuti sanagundidwe pabondopo. Alexia Putellas wa ku Spain, amene nthawi imeneyo anali atalandira Ballon d'Or, mphoto ya wosewera bwino koposa padziko lonse, anaduka ACL pa zokonzekera mu Julayi 2022, kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano wa maiko a ku Ulaya wa Euro uyambe. Timu ya Arsenal ku England inataya osewera anayi ndi vuto lomweli pakati pa Novembala 2022 ndi Meyi 2023: Beth Mead, Vivianne Miedema, Leah Williamson ndi Laura Wienroither. Williamson anali kaputeni wa England ndipo anaphonya World Cup ya 2023. Sam Kerr wa ku Australia anavulala mu Januwale 2024 timu yake ya Chelsea ili pa zokonzekera ku Morocco. Kwa anzathu a ku Zambia, Hazel Nali wa pagolo anavulala bondo World Cup ya 2023 ili pafupi kuyamba, osaseweranso mpikisanowo. Amenewa ndi anthu okhala ndi madokotala, mabwalo osalala ndi chakudya chokwanira, ndipo chinawapezabe.

Akafukufuku amati wosewera wamkazi ali pa chiopsezo choduka mtsempha umenewu kuposa wamwamuna, ena amati kawiri, ena mpaka kasanu ndi katatu, malinga ndi masewero ndi msinkhu. Zifukwa zina ndi za chibadwa. Chiuno cha mkazi n'chotakasuka, choncho fupa la ntchafu limatsika mopendekera m'kati, ndipo mpata umene mtsemphawo umadutsamo m'bondo umakhala wocheperako. Atsikana ambiri akadumpha amatera miyendo ili chiwongokere, mawondo n'kugwera m'kati. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, imene imathandiza ACL kugwira fupa, imakhala yofooka poyerekeza ndi ya kutsogolo. Za msambo zimakambidwanso kwambiri, kuti mwina pa masiku ena a mwezi mitsempha imalobodoka pang'ono, koma ine sindingauze mtsikana kuti asiye kusewera chifukwa cha tsiku la mwezi. Chimene ndimafunsa ndi china: kodi msambo ukubwera? Wosewera akatha miyezi itatu osasamba pomwe alibe pathupi, nthawi zambiri thupi limakhala likunena kuti chakudya sichikukwanira ntchito imene likugwira, ndipo mafupa ndi minofu zimafooka.

Koma ineyo ndimakana kuti nkhani yonse tiikankhire pa chiuno cha mkazi, chifukwa tikatero tidzangopinda manja. Taonani mmene mtsikana amafikira pabwalo. Mnyamata wayamba kumenya chikulunga ali ndi zaka zisanu, thupi lake laphunzira kugwa, kutera ndi kukhota asanalemere. Mtsikana ambiri amamulola mochedwa, thupi litakula kale, ndipo palibe amene amamuphunzitsa kulimbitsa minofu. Wadzuka mbandakucha, watunga madzi, wapita kusukulu, wafika ku zokonzekera atangodya chimanga chootcha kapena mandasi awiri. Bwalo mu Okutobala ndi louma gwa, lokumbikakumbika, dzinja likafika ndi matope. Nsapato ndi za pakaunjika, zopangidwira phazi la mwamuna, zazikulu kuchidendene, mastadi ake aatali omwe amakanirira pansi thupi likutembenuka. Ngakhale ku Ulaya, nsapato zopangidwa poyeza phazi la mkazi zayamba kuchuluka posachedwapa, ndipo kumeneko akudandaulanso kuti masewero achuluka pomwe nthawi yopuma yachepa. N'chifukwa chake mu 2024 bungwe la osewera la FIFPRO linayambitsa Project ACL, kafukufuku woona mmene matimu a ligi ya amayi ku England amasamalira osewera awo, osati matupi awo okha. Mwendo wotopa ndiwo umatera molakwika.

Zikatsimikizika kuti waduka, pali njira ziwiri. Ina ndi yolimbitsa minofu popanda opaleshoni. Anthu ambiri amakhala bwinobwino motero, kuyenda, kupalasa njinga, kugwira ntchito, kubereka ana. Ndi njira yabwino kwa amene wavomera kusiya masewero okhotakhota, ndipo pali owerengeka amene amabwerera pabwalo popanda opaleshoni. Koma kwa mtsikana wa zaka 19, wosewera kutsogolo, amene bondo lake layamba kale kugwedera pa masitepe, ine ndingamulangize kuti akambirane ndi dokotala wa mafupa za opaleshoni. Nthawi zambiri madokotala sasoka mtsempha woduka uja. Amatenga kachigawo ka mtsempha wina wa mwendo womwewo, kuchokera kumbuyo kwa ntchafu kapena kunsi kwa kafupa ka pamwamba pa bondo, n'kuboola mafupa awiriwo n'kukakoleka m'malo mwa wakalewo.

Opaleshoniyi si yothamangira mawa. Madokotala amafuna bondo liyambe laphweratu, lizitha kuwongoka lonse, ndipo ntchafu ikhale ndi mphamvu. Wolowa m'chipinda cha opaleshoni ndi bondo louma amatulukanso ndi bondo louma. Ndiye ngakhale ndalama kapena tsiku la opaleshoni zichedwe, masabata amenewa si otayika. Akhale pansi miyendo yotambasula, aike kansalu kokulunga pansi pa chidendene, alimbitse ntchafu mpaka kumbuyo kwa bondo kukhudze mphasa, agwire pang'ono, amasule, abwerezenso kangapo pa tsiku. Kupalasa njinga pamalo athyathyathya kumathandiza ngati sikukumupweteka. Asatemere mphini pabondopo. Mabala a pakhungu akhoza kulowetsa matenda, ndipo dokotala sangang'ambe pamalo pamene pali zilonda. Za mtengo mufunse msanga, ndipo timu ilembere kalata akuluakulu a ligi ndi a bungwe loyendetsa mpira la FAM kufunsa thandizo limene lingapezeke kwa wosewera wovulala. Kalatayo ipite ndi zikalata za kuchipatala.

Chovuta chenicheni chimayamba opaleshoni ikatha. Mtsempha watsopano uja umayamba wafooka kaye m'miyezi yoyambirira, thupi likuukonza kuti ukhale wake, ndipo nthawi imeneyo ndi imene wosewera amamva ngati wachira. Kuthamanga molunjika kumayamba pakatha miyezi itatu kapena inayi, ngati bondo silikutupa. Kukhota ndi mpira kumabwera pambuyo. Masewero enieni asanathe miyezi isanu ndi inayi, ine sindilola, ndipo kwa wamng'ono ngati ameneyu chaka chathunthu n'chabwino koposa. Kalendala yokha siikwanira. Timayeza mphamvu ya mwendo wovulalawo kuti ifike pa 90 peresenti ya unzake, timamudumphitsa ndi mwendo umodzi n'kuyeza mtunda, timayang'ana ngati bondo likugwera m'kati potera, ndipo timamufunsa ngati mtima wake ukulikhulupirira bondolo. Mwa achinyamata osakwana zaka 25 amene amabwerera ku masewero otere, pafupifupi mmodzi mwa anayi amadukanso ACL, bondo lomwelo kapena linzake, ndipo ofulumira ndiwo amachuluka m'gulu limeneli.

Mumuuze za Chloe Kelly. Anaduka ACL mu Meyi 2021 akusewerera Manchester City, anabwerera mu Epulo 2022, ndipo pa 31 Julayi chaka chomwecho ndiye anachinya chigoli chimene England inagonjetsera Germany 2-1 mu ndime yomaliza ya Euro pa Wembley. Putellas anabwerera n'kukhala nawo m'timu ya Spain imene inatenga World Cup ya 2023. Ndipo tili ndi wathuwathu, ngakhale ndi wa ntchemberembaye: Mwai Kumwenda anaduka ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia, anaphonya World Cup ya 2019, koma mu 2020 anatenga chikho ndi timu yakeyo n'kusankhidwa wosewera bwino koposa mu ndime yomaliza. Mumuuzenso kuti ena zimawatengera nthawi yaitali. Sam Kerr anatha pafupifupi miyezi 20 asanabwerere, ndipo Chelsea inamupatsa kontirakiti yatsopano ali chivulalire.

Apa ndiye pali ntchito yanu yeniyeni, mng'ono wanga. Wovulala bondo sabata yoyamba amachezeredwa ndi aliyense. Pofika mwezi wachitatu foni yake imakhala zii, m'gulu la WhatsApp anzake akukambirana za ulendo wa mawa, iye ali kunyumba kukweza mwendo pamphasa. Ambiri amene ndawaona akusiya mpira anausiya nthawi imeneyi, bondo likuchira bwinobwino. Musamuchotse m'gulu. Azibwera ku zokonzekera ngakhale kawiri pa sabata, azichita mafizo ake m'mbali mwa bwalo inu mukuona. Mumupatse ntchito yeniyeni: azilemba amene wataya mipira ingati, aziona mmene otchinga kumbuyo a timu ina akuimira, azilankhula pa nthawi yopuma. Pa ulendo akhale ndi mpando m'minibasi. Ngati mumagawana kangachepe mukapambana, gawo lake lisasowe. Mugawane masiku omuperekeza kuchipatala, chifukwa ambiri amadukiza physiotherapy posowa ya thiransipoti ndi womuyendetsa. Mukaona kuti wasiya kudya, sakugona, akudzipatula kapena akulankhula zotaya mtima, musazitenge ngati kusungulumwa wamba. Uzani makolo ake ndipo akaonane ndi achipatala.

Koma muli ndi wachiwiri wofuna chisamaliro, ndiye mtsikana amene akunenedwayo. Iyeyo walakwa chiyani? Akochi amuuza kuti avale jezi, wavala. Loweruka alowa m'bwalo akudziwa kuti akachinya anena kuti ndi zomwe amafuna, akaphonya anena kuti ndi chilango. Munthu wotero sangasewere, ndipo anzake ena sadzamupatsira mpira. Nkhani za ufiti zikalowa m'timu sizitha zokha, ndipo kwathu kuno kunena munthu kuti ndi mfiti kwapweteketsa anthu ambiri osalakwa. Itanani timu yonse lisanafike Loweruka, akochi alipo, mufotokoze zimene ndalembazi za mmene mtsemphawu umadukira. Ngati mungathe, yambani mwacheza ndi wovulalayo panokha, chifukwa mawu amphamvu kuposa onse ndi ake. Iye akanena pamaso pa anzake kuti sakukayikira munthu, n'kumuuza mnzakeyo mmene wotchinga kumbuyo wa timu inayo amasewerera, manong'onong'o amasowa popondera. Akakhala kuti nayenso akukhulupirira zimenezo, musamukalipire. Ali ndi mantha ndi chisoni. Pitani naye kwa dokotala, akaone yekha chithunzi cha bondo lake.

Ndipo musaope kusewera popanda wochinya wanu. Mu Okutobala 2023 ma Scorchers atatenga chikho cha COSAFA ku South Africa pogonjetsa Zambia 2-1, Temwa Chawinga ndiye anachinya zigoli zambiri mu mpikisano wonse, koma zigoli ziwiri za mu ndime yomaliza anachinya ndi Asimenye Simwaka ndi Sabina Thom. Timu imene aliyense amangoyang'ana munthu mmodzi imamulemetsa munthuyo, ndipo ndi mtolo umenewo umene ukufuna kumubwezera mnzanuyo pabwalo ndi bondo logwedera.

Kwa otsalanu, pali chinthu chosafuna ndalama. FIFA 11+ ndi ndondomeko yotenthetsa thupi ya mphindi pafupifupi 20, imapezeka pa intaneti mwaulere, zithunzi ndi mavidiyo omwe. Muli kuthamanga pang'onopang'ono, kulimbitsa mimba ndi chiuno, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera mofewa, ndi kulimbitsa kumbuyo kwa ntchafu: wina agwada, mnzake amugwira akakolo, iye n'kumagwera kutsogolo pang'onopang'ono akudziletsa. Matimu amene amaichita kawiri kapena katatu pa sabata mosadukiza amachepetsa kuvulala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo. Yesani izi mawa: aliyense aime pa sitepe kapena pa njerwa ziwiri, adumphire pansi ndi miyendo yonse, mnzake amujambule pa foni ali kutsogolo kwake. Mukaonera pang'onopang'ono mudzaona ena mawondo akupsompsonana potera. Amenewo ndiwo oyamba kuwathandiza: bondo liziloza kumene chala chachiwiri cha phazi chaloza, chiuno chibwerere m'mbuyo, kutera kusamveke phokoso. Wina akadzavulalanso, masiku awiri kapena atatu oyamba musathowe ndi madzi otentha kapena kusisita. Ikani ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mangani mosafinya kwambiri, mwendo ukhale pamwamba.

Mnzanuyo akapimidwe sabata ino, koma pali zizindikiro zosadikira tsiku la kiliniki. Bondo likakanirira osatheka kuwongoka kapena kupinda, ndiye kuti mwina chidutswa cha meniscus chatsekereza, ndipo chimafuna dokotala wa mafupa msanga. Katumba akatupa n'kumapweteka, makamaka akayambanso kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, akhoza kukhala magazi oundana mu mtsempha wa magazi, apite tsiku lomwelo. Chimodzimodzi bondo likatentha, kufiira, thupi n'kutentha, kapena phazi likachita dzanzi, kuzizira kapena kulephera kudzuka poyenda. Popita atenge X-ray ija ndi buku lake la kuchipatala, ndipo inu kapena wina amene anaona mmene anagwera apite nawo kuti akafotokoze phazi linaponda bwanji ndipo thupi linatembenukira mbali iti.